Anagwera Pafupi ndi Khola

Amuna anga sanali munthu wandewu. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu amene anangomvera nkhani yathu pamsika amawayesa chilombo, pamene ine ndinakhala nawo zaka zambiri osalawapo ngakhale khofi lawo. Kwawo kunali cha ku Nsadzo, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu kuno ku Mualadzi. Anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wodziwa kusema mipini ndi magoli a ng'ombe. Akapsa mtima ankangonyamula khasu n'kulowera kudimba, ndipo pobwerako ankakhala ataiwala.

Chaka chimenecho akuba anatisautsa. Anayamba ndi ng'ombe zathu ziwiri zapagoli, zimene amuna anga anazilera kuyambira zili ana. Tinadzuka m'mawa n'kupeza khola lili pululu, mapazi atalowera cha kumalire a Zambia. Amuna anga analondola mapaziwo mpaka anawasowa pamiyala. Tinakanena kupolisiya, iwo anabwera n'kuona, koma ng'ombe ikadutsa malire ndiye kuti yapita. Pambuyo pake kunasowa mbuzi, kenako thumba la mtedza wambewu. Alongo anga aakulu, amene pakamwa pawo sipachedwa akalawa mowa, anayamba kuwanyoza pagulu.

"Mlamu, inu mumagona ngati chipika. Tsiku lina adzakuberani ndi mkazi yemwe, inu muli mkonono."

Anthu ankaseka, amuna anga nawonso n'kumwetulira. Koma ine ndinkaona kuti mawuwo akuwalasa. Mkamwini alibe pothawira mawu a eni mudzi. Kangapo konse ndinawapeza ataima m'khola lopanda kanthu lija, akungoyang'ana ndowe zouma.

Masiku amenewo aliyense m'mudzi ankanena chimodzimodzi, kuti wakuba ukamupeza m'nyumba mwako ndi wako, uchite naye chimene ukufuna, boma silifunsa. Ankanena amuna pabwalo, ankanena amayi pachitsime. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamvapo lamulolo kuchokera pakamwa pa munthu wolidziwa.

Tsokalo linagwa nyengo yotentha, mvula isanayambe. Amuna anga anali gone ndi malungo. M'mudzi woyandikana nafe munagwa maliro a mayi wina wachikulire, ndipo mudzi wathu wonse unakhamukira kumeneko. Ine ndinatenga ana athu awiri n'kupita nawo. Pochoka ndinatseka chitseko n'kuchimanga ndi waya kunja, kuopa kuti mbuzi za anthu zingalowe n'kudya chimanga odwala ali m'tulo. Aliyense wodutsa akanaona waya uja akanati m'nyumbamo mulibe munthu.

Dzuwa lili paliwombo ndinasiya ana ndi achemwali anga n'kubwerera ndekha kuti ndikaphike phala, odwala amwere mankhwala. Nditafika pamtengo wamango umene uli kumapeto kwa bwalo lathu, ndinamva chinthu chikugwa m'nyumba, kenako munthu akukuwa. Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Munatuluka mwamuna atawerama, dzanja limodzi lili lendelende, akuthamanga mopepesuka kulowera kukhola. Pambuyo pake panatuluka amuna anga, opanda malaya, opanda nsapato, magazi akuchucha pamkono, atagwira mpini wa nkhwangwa.

Ndinakuwa. "Bambo! Musiyeni, bambo!"

Mpaka lero sindidziwa ngati anandimva. Munthu uja anapunthwa pamzati wa khola n'kugwa chafufumimba. Anayesa kudzuka, n'kugwada, msana ataulozetsa kwa ife. Mpini unatsika kamodzi kokha, kunkhongo. Phokoso lake silinali lalikulu. Munthuyo anagwera m'mbali, miyendo n'kuphiriphitha pang'ono.

Titamutembenuza tinamudziwa. Anali wa m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, mwamuna wa zaka zapakati, amene nyengo ina anatipalirako munda paganyu. Anali atapita kokumba golide n'kubwerako chimanjamanja, wowonda, akumwa kachasu kuposa kale. Amayi ake ndinkaimba nawo m'gulu la amayi kutchalitchi. Ankakhala kutsogolo kwanga, mawu awo anali okwera bwino.

Amuna anga anataya mpini n'kukhala pansi, n'kuika mutu wa munthuyo pamiyendo pawo. Anali akupumabe.

"Mayi, tungani madzi. Fulumirani, mayi, madzi!"

Ndinathamangira kumtsuko. Nditabwera tinamuthira kumaso, tinayesa kumumwetsa, madzi n'kumangotuluka m'mbali mwa kamwa. Ndinathamanga khomo ndi khomo kufuna munthu wa mota, njinga yamoto, woti atithamangitsire kuchipatala, koma mudzi wonse unali kumaliro. Pamene ndinkabwerera ndi anthu amene ndinakawaitana kumaliroko, n'kuti atatsirizika.

Zimene zinachitika m'nyumba ndinazimva pambuyo pake. Amuna anga anadzidzimuka ndi phokoso pabalaza. Atasuzumira anaona munthu atagwada, akudula ndi mpeni mawaya a bateriya imene tinkayatsira nyale. Munthuyo, poona kuti m'nyumba muli munthu, anadzambatuka n'kuwatema pamkono ndi mpeniwo. Iwo anatola mpini umene ankausema asanadwale n'kumumenya paphewa. Mpeni unagwa pansi, iye n'kuthawira panja.

Anthu atadzaza pabwalo, ambiri anawayamikira. "Mwachita chamuna," ankatero. "Ena aphunzirepo." Alongo anga aja anafika n'kuwagwira chanza ndi manja awiri, akuti lero ndiye adziwa kuti pakhomo pali mwamuna. Amuna anga anangolowa m'nyumba. Anasamba, ndinawamanga nsanza pabala, iwo n'kuvala malaya awo a kutchalitchi. Ananyamuka wapansi ndi atsibweni anga kupita kupolisiya, malungo ali m'thupi. Potsanzika anati, "Ndikangofotokoza, ndibwera. Musamalire ana."

Anafotokoza zonse monga zinachitikira, osabisa kanthu, pokhulupirira kuti palibe chobisa. Sanabwere. Anawasunga komweko, kenako anawatengera ku Chifunde.

Kumaliro a munthu uja sindinapite. Akuluakulu anandiletsa, anati abale ake mitima idakali yowawa. Koma kulira kunkamveka kuchokera kutsidya, mphepo ikaomba chakuno. Ndinakhala m'nyumba ndi ana, chitseko chili chotseka. Mwana wanga wamkazi anandifunsa ngati atate ake ndi munthu woipa tsopano. Ndinamuuza kuti ayi, koma atandifunsa chifukwa chake anawatsekera, inenso sindinkachidziwa.

Ndinakachimva chifukwacho ku Chifunde, kumene ndinapita panjinga kukawaona. Tsiku limenelo kunabwera adivogadu, munthu wodziwa malamulo amene boma limapereka kuti ayimire osauka pamlandu. Anali mayi wachitsikana, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, ndipo anatikhazika pabenchi kuseri kwa nyumba ya apolisi. Anawafunsa amuna anga kuti afotokozenso, ndipo anamvetsera osawadula. Atamaliza, mayiyo anapumira m'mwamba.

"Bambo, ndikuuzeni zoona kuti musadzadabwe kutsogolo. Lamulo limalola munthu kudziteteza. Munthu akakulowerani m'nyumba n'kukutemani ndi mpeni, inu n'kumumenya kuti mupulumuke, palibe mlandu. Akanafera m'nyumba muja ndi kumenya koyamba kuja, mpeni uli m'manja mwake, bwenzi ndikukuuzani kuti tili ndi poyambira pabwino. Koma anataya mpeni, anathawa, anagwa, anakupatsani msana. Pamenepo moyo wanu sunalinso pangozi."

"Koma anali wakuba," ndinatero ine. "Analowa m'nyumba mwathu. Anawatema. Onani balali."

"Ndaliona, mayi, ndipo ndikalisonyeza kwa oweruza. Koma lamulo silinena kuti wakuba aphedwe. Ngakhale boma lenilenilo silipha wakuba. Limati uletse choipa pamene chikuchitika, ndi mphamvu yolingana nacho. Chikatha, iwenso uleke."

Amuna anga anafunsa motsitsa mawu. "Ndiye kuti ndikanangoima pakhomo n'kumamuyang'ana akupita?"

"Mukanakuwa, mukanamugwira n'kumumanga, mukanamuzindikira n'kukamunenera. Koma inde, bambo, kusiyana n'kumupha, mukanamuleka apite."

Amuna anga anayang'ana zikhatho zawo. Kenako anati, "Kwathu sitinkadziwa zimenezo."

Ine ndinakwiya nawo mayi aja. Njira yonse yobwerera ndinkapalasa njinga ndikulankhula ndekha. Ndinkati n'chapafupi kuyeza mphamvu uli pabenchi, wakhuta, wopanda malungo, ng'ombe zako zili m'khola. Ndani amene angadzuke m'tulo, atatemedwa, n'kuyamba kuwerengera kuti apa ndimenye, apa ndileke? Koma mkwiyowo unkati ukafika pachimake, ndinkaonanso msana uja, munthu atagwada pafupi ndi khola, ndipo ndinkakumbukira kuti ine ndemwe ndinakuwa kuti amusiye. Pamene ndinkakuwa paja ndinali ndisanamvepo lamulo lililonse.

Mlandu unakazengedwa ku Tete patapita miyezi yambiri. Ndinaitanidwa monga mboni, ndipo amayi a malemu aja anaitanidwanso. Galimoto yochoka kwathu kuno tsiku limenelo inali imodzi yokha, ndiye tinakwera limodzi. Kuyambira tsiku la ngozi lija anali atasiya kubwera kutchalitchi kwathu, ndipo aka kanali koyamba kuonana maso ndi maso. Ndinawapeza atakalamba, mpango wakuda uli kumutu, atakhala pathumba la chimanga. Ndinagwada m'galimoto momwemo n'kuwapatsa moni. Anayang'ana kumbali.

Tinayenda ulendo wonse mawondo athu akugundana m'mabampu. Titayandikira Tete, kutentha kutafika poipa, anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga anali wakuba, sindikana. Ndinamulangiza mpaka pakamwa panauma. Koma mukanangomuthyola mwendo, mayi. Mukanamuthyola miyendo yonse iwiri. Ndikanamusamala ndine, ndikanamamusambitsa ndine."

Sanakweze mawu, ndipo sanalire. Amene ndinalira ndine, anthu m'galimoto n'kumatiyang'ana osadziwa kuti wafedwa ndani.

Kutiribunale, kubwalo la milandu, zonse zinkalankhulidwa m'Chipwitikizi, wina n'kumamasulira. Amuna anga anawalowetsa atameta mpala, malaya akuwakhwepa. Anandiyang'ana kamodzi n'kugwedeza mutu. Ine nditafunsidwa ndinanena zimene ndinaona. Adivogadu uja analankhula nthawi yaitali. Anasonyeza chipsera cha pamkono, ananena za malungo, za ng'ombe, za mantha a munthu wodzidzimutsidwa m'tulo, ndiponso kuti anakadzipereka okha kupolisiya. Kenako woweruza, bambo wa imvi wovala magalasi, anawafunsa yekha.

"Pamene munkamenya kachiwiri, mpeni unali kuti?"

"Unali m'nyumba, pansi."

"Munkadziwa kuti alibe mpeni?"

"Ndinauona ukugwa."

"Nanga munamutsatiranji?"

Womasulira anawamasulira funsolo amuna anga. Ine mumtima ndinkati anene kuti mutu unali utasokonezeka ndi malungo, anene kuti sakumbukira. Koma iwo anati, "Atathawira kukhola, ndinaona ng'ombe zanga. Ndinati ndi yemweyu amene anaziba. Sindidziwa ngati anali iyeyo. Mpaka lero sindidziwa."

Woweruza anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Tsiku la chigamulo ananena kuti kumenya koyamba kunali kudziteteza, koma kwachiwiri kunapitirira malire. Anati waganizira zonse zimene adivogadu ananena, n'chifukwa chake sakuwapatsa chilango cha munthu wopha mwadala. Zaka zimene anatchula zinali zochepa poyerekeza ndi zimenezo, anthu odziwa anandiuza choncho panja. Kwa ine zinali zambiri. Mwana wathu wamng'ono anali asanagwe mano a ubwana.

Nditabwerera kumudzi, anthu aja amene ankati amuna anga achita chamuna anali atasintha nyimbo. Ena ankati anaonjeza, ena ankati boma limakonda akuba. Alongo anga sanapiteko kukadeya, kundende ija, ngakhale kamodzi kukawaona alamu awo. Ankati Tete ndi kutali. Anandithandizako kulima chaka choyamba, kenako analeka. Akuluakulu a kwathu anabwera n'kuwaza mankhwala pabwalo ndi pakhola kuti mzimu wa wakufayo usavutitse ana. Ine ndinapemphanso Misa kwa apadiri atabwera kudzayendera tchalitchi chathu, ndinapempherera onse awiri, wakufa ndi wamoyo. Khola lija ndinaligwetsa, mitengo yake sindinasonkhere moto, ndinakaitaya kuthengo.

Ndinkapita kukawaona amuna anga ndikakolola, kamodzi pachaka, nthawi zina kawiri. Ndinkanyamula ufa, nyemba ndi mtedza wokazinga. Sankadandaula za kukadeya. Ankafunsa za mvula, za denga, za ana ngati akupita kusukulu. Mwana wathu wamkazi anasiya sukulu kuti azindithandiza kumunda, ndipo ndinawabisira mpaka anamva kwa ena. Ulendo uliwonse, nthawi yotsanzika ikakwana, ankafunsa kuti, "Nanga amayi aja a kutsidya ali bwanji?" Chaka china ndinawayankha kuti anamwalira nthawi ya dzinja. Anatsamira khoma mpaka mlonda anati nthawi yatha.

Zaka zija zitatha, anatuluka ali munthu wina. Anali ndi chifuwa chosatha, tsitsi litachita mbuu, ndipo ankayenda ngati akuopa kuponda pansi. Ana anawalandira mwaulemu ngati mlendo. Wamng'ono uja ankabisala kuseri kwa nkhokwe akamuitana. Anthu anabwera kudzawalonjera, alongo anga nawonso anabwera ndi nkhuku, ndipo amuna anga analandira onse mofatsa, osakumbutsa munthu kanthu. Wina atayamba kunena kuti anamangidwa popanda chifukwa, anamudula.

"Chifukwa chinalipo. Munthu uja anali atagwada."

Patapita masabata angapo anandiuza kuti akufuna kupita kutsidya. Ndinawaletsa, ndinati mabala anapola, musakawatokose. Anati ayi, pali mawu amene akhala nawo nthawi yaitali, ndipo eni ake ndi a kumeneko. Tinatuma atsibweni anga kukapempha kaye, ndipo yankho linabwera lakuti tingathe kufika.

Tinapita m'mawa panjinga, iwo ali pakaliyala, ine ndikupalasa, chifukwa mpweya sunkawalola. Nyumba ya amayi aja tinaipeza itagwa, pamalopo patamera maungu. Mkazi wa malemu anali atakwatiwanso ku Zambia n'kupita ndi ana. Amene anatilandira anali mlongo wake wa malemuyo, mayi wa msinkhu wanga. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo, iye n'kukhala chapatali, mikono atapinda.

Amuna anga anagwada. Anapepesa ndi mawu ochepa, osatchula za mpeni, osatchula za ng'ombe. Mayiyo anamvetsera maso ali pansi.

"Ndamva," anatero. "Kukhululuka sindinganame kuti ndakhululuka lero. Amene mukanawapepesa ndi amayi, ndipo anapita. Koma anandisiyira funso. Ankati mukadzatuluka ndidzakufunseni ngati mwana wawo ananenapo kanthu asanatsirizike. Kutiribunale palibe anafunsa zimenezo."

Ine ndinati ndiyankhe kuti sananene kanthu, poti sindinamve mawu alionse tsiku lija. Koma amuna anga anayankha ndisanatsegule pakamwa.

"Ananena. Mayiwa anali atapita kukafuna anthu. Anatsegula maso n'kundizindikira. Anati, 'Pepani bambo. Musakawauze amayi kuti ndinali ine.'"

Zaka zonsezo anali asanandiuzepo. Mayi uja anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira, kulira kwa maliro enieni, akuitana mlongo wake ndi amayi ake. Amayi a m'nyumba zoyandikana anatuluka n'kudzakhala naye. Ife tinangokhala pamphasa paja, osadziwa ngati tichoke kapena tikhale. Atatonthola anapukuta kumaso n'kunena kuti, "Bola amayi sanamve zimenezo. Kapena bola akanamva. Kaya." Kenako anatiperekeza mpaka pamtsinje, monga achitira ndi alendo, koma sanatigwire chanza.

Pobwerera amuna anga anakana kukwera njinga. Tinayenda wapansi, ine ndikukankha, tikupumira m'mithunzi chifukwa cha chifuwa chawo. Panjira anandionetsa munda wa munthu wina umene mizere yake inali yokhota, n'kunena kuti mwini wake sadziwa kugwira pulawo. Aka kanali koyamba chitulukire chawo kulankhula za ulimi.

Anakhala nafe mvula ziwiri. Anaphunzitsa mwana wathu wamwamuna kufolera denga, ndipo mwanayo anayamba kuwazolowera, mpaka kumadya nawo mbale imodzi. Nyengo yozizira itafika chifuwa chinakula. Tinapita nawo kuchipatala ku Chifunde, anatipatsa mankhwala, koma thupi linali litatha kale. Anamwalira masana, ine ndili pambali pawo ndikusenda nyemba. Abale awo anabwera kudzatenga mtembo n'kukauika kwawo ku Nsadzo. Pamaliropo ndinaona mayi wa kutsidya uja ataima kumbuyo kwa gulu. Sanalowe m'nyumba ya siwa, ndipo pamene ndinkatuluka kuti ndikamupatse moni, n'kuti atanyamuka kale.